Ulendo wa ku Dedza pa Tikiti ya Amalume

Ntchito yanga yoyamba inali ya pawindo m'shopu yobetchera mpira, kuseri kwa msika m'tauni ya Kabwe. Ndinkalandira ndalama, kulemba magemu amene munthu wasankha, n'kumupatsa tikiti. M'mawa ndinkayamba ndi kusesa. Pansi pankakhala matikiti adzulo, ena ofinya, ena ong'amba, ena opondedwa ndi matope. Ena ankakhala otafuna, chifukwa alipo amuna amene amaluma tikiti gemu ikafika kumapeto. M'menemo munkanunkha thukuta, masokosi ndi mowa wa m'timabotolo tobisa m'majekete. Ndinagwirako zaka ziwiri, ndipo chaka chachiwiricho ndi chimene agogo anga anayenera kupita ku Dedza kukaona mng'ono wawo.

Anandilera ndi agogowo, mayi a mayi anga, m'nyumba ya zipinda ziwiri ku Makandanyama. Mayi anga anamwalira ndisanayambe sukulu, ndipo bambo sindinawadziwe. Agogo aamuna anachokera ku Dedza kudzagwira ntchito ya mumgodi, kenako anabwerera kukatenga mkazi, n'kubwera naye kuno ali mtsikana. Iwo anafa ndi chifuwa ine ndisanabadwe. Agogo aakazi sanabwerere kwawo ngakhale kamodzi. Ankakazinga zitumbuwa n'kumagulitsa pamsewu wopita ku Natuseko, ndipo ine ndinakulira pambali pa beseni lawo, ndikuyang'ana manja a anthu ogula. Sindinali wolankhula. Anansi ankati mwana uyu ali ngati mphaka, umangozindikira kuti ali pomwepa ukamuponda.

Mwa ana asanu a agogo anatsala mmodzi yekha, wotsiriza, amalume anga. Ankakhala ndi mkazi wawo ku Chililalila, koma nthawi ya chakudya inkawapeza kwathu kawirikawiri. Kale ankaswa miyala ku milu ya dothi lotsala kumgodi. Kenako anasiya, nagula kope lachikuto cholimba, n'kuyamba kudzitcha munthu wowerenga mpira. M'kopemo ankalembamo zonse: timu iti yapambana kangati pakwawo, wosewera uti wathyoka mwendo, kugwa mvula kapena ayi, woimbira ndani. Ankanyoza anyamata obetcha ndi mtima. Iwo ankati amabetcha ndi mutu, ndipo mawu awo okondedwa anali akuti valiyu. Ankawafotokoza chonchi: shopu imapereka mtengo pa timu iliyonse, umene amautcha maodi, ndipo nthawi zina imalakwitsa n'kupereka mtengo wokwera pa timu yoti ipambana ndithu. Munthu wamaso amaona pamene yalakwitsa n'kulowa pomwepo.

Ine ndinkadziwa kanthu kena kamene ndinakaphunzira pawindo. Tsiku lina kunabwera bambo wachikulire, wopuma ntchito ya njanji, atavala tayi. Anasankha gemu imodzi n'kubetcha mbali zonse zitatu: kuti eni bwalo apambana, kuti alendo apambana, ndi kuti afanana mphamvu. Anagawa makwacha zana limodzi mosamala, ndi pensulo, kuti mbali iliyonse imubwezere zofanana. Gemu itatha ndinamuwerengera zana lake lija litaperewera pafupifupi makwacha khumi. Anayang'ana ndalamazo nthawi yaitali.

“Ndaona, mayi,” anatero. “Ngakhale ulosere zonse, mwini nyumba adya basi.”

Sanabwerenso. Ine ndinasunga zimenezo mumtima. Mtengo uliwonse pakanema paja unali utadulidwa kale, monga mmene agogo ankachepetsera ufa pa chitumbuwa chilichonse mafuta akakwera. Amalume ankafunafuna pamene shopu yalakwitsa, koma shopuyo inali ndi anthu ndi makina owerenga usana ndi usiku, ndipo iwo anali ndi kope ndi bolopeni yotafuna kumutu.

Nkhani ya ku Dedza inabwera kudzera kwa amayi a kumpingo amene anapita ku Malawi kumsonkhano. Anabwerako ndi nambala ya foni. Mng'ono wa agogo anali moyo, mmodzi yekhayo mwa onse a bere lawo, ndipo mdzukulu wake anali ndi foni yoonetsa nkhope. Tinaimba Lamulungu masana titakhala pakhonde. Pafonipo panaoneka nkhalamba yowonda, yomanga duku, yokhala ndi mphuno ya agogo ndi kamwa la mayi anga monga ndimaliona pachithunzi. Kenako wa ku Dedza uja anati, “Achemwali, mwakalamba.”

“Iwe ndiye wakhala mtsikana?” anatero agogo, ndipo onse anaseka mpaka kutsokomola.

Asanadule, mng'ono wawoyo ananena kuti miyendo yatupa ndipo kuchipatala amubweza kawiri ndi mapilitsi okhaokha. “Mubwere ndikadali wokudziwani,” anatero. “Musadzabwerere dothi.”

Tinayamba kusunga. Agogo ankapatula pa zitumbuwa, ine pa malipiro anga. Tinatenga miyezi isanu ndi iwiri. Mapepala a paulendo tinawapeza titaima pamizere masiku angapo. Pofika nyengo yozizira tinali ndi makwacha zikwi zinayi m'chitini cha mkaka, ndipo ndinali nditafunsa mitengo ya basi: Kabwe mpaka Lusaka, Lusaka mpaka Chipata, kuwoloka malire, Lilongwe, Dedza, ndi kubwerera, anthu awiri. Zinkakwana. Panatsala ngakhale ya tiyi panjira. Ndinapempha tchuthi kwa abwana a pashopu, ndipo anandilola sabata imodzi.

Ndi pamene agogo anakana kunyamuka. Ananena akupukuta beseni, osandiyang'ana.

“Ndipite chimanjamanja? Zaka zonsezi ndili kumigodi, ndikafike ngati wothawa nkhondo?”

“Akufuna inuyo, agogo.”

“Iwe ndiwe wa kuno, sukudziwa kwathu. Mtchona akafika, anthu sayamba ndi nkhope, amayamba ndi katundu. Ndili mtsikana ndinaona bambo wina atabwera kuchokera ku Halale ndi sutikesi yapepala, m'kati muli malaya awiri. Ana tinamuimba nyimbo mpaka anabwerera.”

Mtchona ndi munthu amene anakhalitsa kunja osabwerera kwawo, ndipo agogo ankadana nalo dzinali kuposa matenda. Anandiwerengera zofunika: bulangete lalikulu la mng'ono wawo, zitenje za ana ake aakazi ndi apongozi, shuga, sopo, mafuta ophikira, nsapato za mdzukulu wa foni uja, ndi kenakake ka akuluakulu a pabanja. Nditawerengera, zinkafuna zikwi zinayi zina. Imeneyo inali miyezi ina isanu ndi iwiri, ndipo munthu wotupa miyendo sadikira miyezi isanu ndi iwiri.

Amalume analipo tsikulo. Anali atakhala pa ndowa yovundikira, akudya zitumbuwa zosweka zimene sizigulitsika. Ananyambita zala n'kutsegula kope.

“Amayi, vuto lanu ndi lochepa chabe. Mundipatse folo sauzande imeneyo Chisanu, Lolemba ndikubweretserani twelofu.”

“Za njuga zakozo?”

“Njuga ndi ya makadi. Iyi ndi masamu. Magemu sikisi chabe, onse a shuwa. Matimu akuluakulu akusewera pakwawo ndi ana. Sindikusaka mamiliyoni ngati anyamata opusa aja oika magemu makumi awiri. Kuwirikiza katatu basi.”

Ndinalankhula chiganizo chimodzi. Ndinati magemu asanu ndi imodzi a shuwa akamangidwa pa tikiti imodzi sakhalanso a shuwa, chifukwa imodzi ikagwa, onse agwa, ndipo pa gemu iliyonse shopu yadulapo kale gawo lake.

Amalume anaseka. Ankanditcha mwaice, liwu la Chibemba lotchulira wamng'ono, ngakhale ndinali wazaka makumi awiri ndi zitatu.

“Tamverani mwaice. Kusesa matikiti kwamupatsa digiri. Manje iwe, wosesa m'chipatala amachita opareshoni?”

Agogo anandiyang'ana, kenako anayang'ana mwana wawo. Ndinkayembekezera kuti amukalipira monga ankachitira akamupeza akutola makobiri m'beseni. M'malo mwake anafunsa, “Twelofu ndiye zikwi zingati?”

“Khumi ndi ziwiri, amayi. Basi, mabulangete, shuga, chenji n'kutsala.”

Lachisanu m'mawa chitini chinali chopanda kanthu. Amalume sanabe. Agogo anawapatsa okha, atakulunga ndalamazo m'kansalu ndi kupempherera.

Anadzabetchera pawindo langa. Ndikuganiza kuti anachita dala. Anatsanula ndalamazo pakauntala, mapepala ofewa ndi mafuta a zitumbuwa, ena ndinkawadziwa ndi maso chifukwa ndinawawongola ndekha. Anatchula magemu mokweza kuti a pamzere amve. Ndinalemba, ndinawerenga ndalama, makina analira, tikiti inatuluka. Anaipsompsona n'kuilowetsa m'kope.

Loweruka magemu anayi anapambana. Lamulungu masana yachisanu inapambananso. Yotsiriza inkayamba folo koloko, ndipo pofika hafu pasiti fili shopu inali yodzaza, chifukwa amalume anali atauza aliyense za tikiti yawo. Anabwera pawindo n'kundipatsa kuti ndione mtengo wake pamakina. Pali dongosolo limene amati kashauti: tikiti ikakhala kuti ikuyenda bwino, shopu imafuna kuigula isanathe, n'kukupatsa ndalama yocheperapo koma yotsimikizika. Ndinaika tikiti pamakina. Panalembedwa zikwi zisanu ndi zitatu.

Zikwi zinayi za basi, zikwi zinayi za katundu. Inali ndendende ndalama imene agogo anawerengera akupukuta beseni.

“Amalume, tengani,” ndinanena motsitsa mawu. “Yakwana.”

“Zingati?”

“Eyiti sauzande.”

Anatembenukira kwa anthu. “Mwamva akubawa? Eyiti.” Anatsegula kope n'kulemba ndi bolopeni, anthu akusuzumira. “Taonani. Timu iyi, pakwawo, imapambana katatu mwa kanayi. Ikapambana ndilandira twelofu. Magawo atatu mwa anayi a twelofu ndi naini. Tikiti iyi mtengo wake weniweni ndi naini sauzande, iwo akuti eyiti. Akufuna kugula mbuzi yanga pa mtengo wa nkhuku. Ndiwapatse sauzande yaulere chifukwa cha mantha?”

“Osagulitsa, mudala,” anatero mnyamata wina wometa m'mbali. “Akuopa, n'chifukwa chake akufuna kuigula.”

“Kashauti ndi ya azimayi,” anatero wina, ndipo anaseka onse.

Chimene chimandipweteka n'chakuti masamu awowo anali olondola. Ndinawerengera m'mutu ndipo ndinapeza zomwezo. Shopu inkadulapo chikwi chimodzi. Munthu amene ali ndi matikiti zana otere, ndipo akhoza kutaya makumi awiri ndi asanu osalira, amapindula pokana. Koma ife tinali ndi tikiti imodzi, nkhalamba imodzi kuno ndi ina ku Dedza. M'kope lawo munalibe mzere wa zimenezo.

“Kamodzi mwa kanayi agogo sapita,” ndinatero.

“Katatu mwa kanayi apita ngati mfumukazi. Bweretsa tikiti yanga, mwaice.”

Tikiti inali m'dzanja langa. Batani linali pansi pa chala changa. Ndikanalidina, makina akanatseka tikitiyo, amalume akanatukwana, abwana akanandichotsa ntchito mwina, ndipo agogo akanakwera basi Lachitatu. Ndinayang'ana abwana, amene anali ataima kumbuyo kwanga akudya chimanga chowotcha. Ndinayang'ana amalume. Ndinaleredwa kuti wamkulu akatambasula dzanja, umamupatsa ndi manja awiri. Ndinawapatsa ndi manja awiri.

Gemuyo inali yoipa. Timu ya shuwa ija inkathamanga ngati yadya zolemera. Theka loyamba linatha popanda chigoli. Amalume anavula jekete, kenako chipewa. Ankalankhula ndi osewera a kutsidya kwa nyanja ngati antchito awo, kuwatchula amayi awo, kuwalangiza kopatsira. Thukuta linkatsika m'khosi mwawo n'kudontha pa kope. Nthawi ikutha, mtengo wa kashauti unkatsika pamakina anga: zikwi zisanu, zitatu, chimodzi ndi theka. Sindinawauze. Ndinkapitiriza kulandira makwacha asanuasanu a anthu ena.

Kutatsala mphindi ziwiri, wotchinga kumbuyo wa timu inayo anagwira mpira ndi dzanja popanda womukakamiza. Woimbira analoza penate. Inalowa.

Shopu inaphulika. Mipando inagwa, wina anathira mowa pakanema, anyamata ananyamula amalume m'mwamba mutu wawo n'kugunda fani. Ndipo ine, kuseri kwa galasi, ndinapezeka nditaimirira, manja ali m'mwamba, kukhosi kukuwawa. Ndinali nditakuwa nawo. Ndimakumbukira kukoma kwake, kunali ngati madzi ozizira m'mwezi wa Okutobala, ndipo ndimachita nako manyazi mpaka lero.

Ndinawawerengera zikwi khumi ndi ziwiri m'manja. Abwana anawajambula chithunzi atanyamula ndalamazo ngati mapiko, ndipo anawagwira chanza akumwetulira. Nditatseka windo ndinawafunsa abwanawo ngati sakudandaula.

“Ndidandaule chiyani?” anatero, akuchotsa gaga m'mano. “Ndalama imeneyo yangopita kokacheza. Imadziwa kwawo.”

Amalume anafika kunyumba dzuwa litalowa, pa takisi, ndi nkhuku ziwiri, zakumwa ndi chitenje chatsopano cha agogo. Anayala ndalama pamphasa. Agogo anazigwira, anazisisita, anaomba m'manja mwaulemu kwa mwana wawo yemwe. Ine ndinati mawa m'mawa ndikagule matikiti a basi.

“Basi?” anatero amalume. “Amayi anga, a msinkhu uwu, apanikizane ndi ogulitsa nsomba za kapenta masiku awiri? Iwe ulibe chisoni. Uwu manje ndi mpamba. Amene wasandutsa folo kukhala twelofu, twelofu aisandutsa zingati? Masabata awiri chabe. Tichita hayala galimoto, ndiyendetsa nawo ndekha, tikaimika pakhomo penipeni. Mudzi wonse utuluke.”

“Anati miyendo yatupa,” ndinatero.

“Miyendo imatupa. Yanga inatupa chaka chatha, ndinafa?”

Ndinayang'ana agogo. Maso awo anali pa ndalama, koma sankaona ndalamazo. Ankaona galimoto ikulowa m'mudzi, fumbi kumbuyo, ana akuthamangira. Nkhope yawo inali ngati ya anyamata a m'shopu aja gemu ikamayamba. Sindinaionepo choncho, ndipo sindinaikonde.

“Masabata awiri si chaka,” anatero. “Mwana waonetsa kuti amadziwa.”

“Agogo, sanadziwe. Munthu anagwira mpira ndi dzanja.”

“Iwe unati zigwa. Zagwa?”

Munthu amene wachenjeza za dzenje, anthu n'kulidumpha bwinobwino, amasanduka wabodza. Ndinapempha kuti andipatseko zikwi zinayi zokha za basi ndisunge. Amalume anati mpamba sudulidwa mchira. Anakulunga zonse m'jekete. Nkhuku tinadya.

Masabata otsatira ndinaona ndalamayo ikubwerera kwawo monga ananenera abwana. Inkadutsa pawindo langa. Poyamba chikwi chimodzi pa magemu atatu: inagwa. Kenako ziwiri, kuti abweze chimene chinagwa: anapambana pang'ono, n'kunena kuti mwaona. Kenako zitatu. Chithunzi chawo chinali chitamatidwa pakhomo la shopu, ndipo anthu a ku Chililalila ndi ku Makandanyama anayamba kuwasaka kuti awauze magemu. Mayi wina wogulitsa makala anawapatsa ndalama ya sukulu ya mwana wake. Amalume ankakhala pabenchi ngati sing'anga, kope pamwendo, akufotokoza za valiyu. Akagwa ankati njira inali yolondola, mpira ndiwo unalakwa, ndipo pa nthawi yaitali masamu amabweza. Tsiku lopambana lija sananene kuti mpira unalakwa.

Sabata lachitatu anasiya kubwera pawindo langa. Anati ndili ndi diso loipa, ndimayang'ana tikiti ngati maliro. Anayamba kubetcha pafoni. Pamenepo sindinathenso kuwerenga zotsala. Ndinkangoona zizindikiro: takisi inatha, nkhuku zinatha, anabwerera pa ndowa yovundikira ija kudya zitumbuwa zosweka. Agogo ankawafunsa za galimoto, iwo n'kumati mwini wake wapita nayo ku Kapiri, abwera Lachinayi.

Lamulungu lililonse tinkaimba ku Dedza. Agogo ankavala chitenje chatsopano chija asanakhale kutsogolo kwa foni. “Tikubwera,” ankatero. “Mwana wanga akukonza galimoto.” Mng'ono wawo ankangogwedeza mutu. Lamulungu lachinayi anali atagona pamphasa, ndipo mdzukulu ankamugwirira foni pamwamba. Lamulungu lachisanu sanathe kulankhula, anangoyang'ana. Titadula ndinawauza agogo kuti ndikapempha malipiro anga a mwezi wotsatira msanga, apite okha ulendo wopita wokha, za kubwerera tidzaona. Anavomera, osatchulanso bulangete. Abwana anati ayankha Lolemba la sabata yotsatira.

Foni inalira Lachinayi m'mawa, agogo akukanda ufa. Ndinayankha ine. Nditawauza kuti mng'ono wawo watisiya, anapukuta manja pa chitenje, chala ndi chala, n'kukhala pansi pomwepo pa dothi. Sanalire msanga. Anafunsa kuti aika liti, ndinati Loweruka. Anaitanitsa amalume. Atafika anawafunsa kuti patsala zingati.

“Amayi, zili m'kati. Pali tikiti ya Loweruka lomweli, ikalowa…”

“Ndati patsala zingati.”

Anatulutsa foni, anadina, anaonetsa ine osati iwo. Panali makwacha makumi atatu ndi asanu.

Ngakhale ndalama ikanapezeka tsiku lomwelo, basi sikanawafikitsa nthawi yake. Tinakhala maliro kuno opanda mtembo. Tinatulutsa mipando, tinayala mphasa, amayi a kumpingo anabwera ndi nyimbo zawo, anansi anabweretsa nkhuni ndi ufa. Amuna anakhala panja pansi pa mtengo wa mango. Amalume, monga mwana wamwamuna wa pakhomo, ankalandira anthu ndi nkhope yogwa, akugwira dzanja ndi manja awiri. Ena mwa obwera kudzapepesa ankawanong'oneza, iwo n'kunong'onezanso, ndipo ndinamva dzina la timu likudutsa pakati pa mawu a chipepeso.

Loweruka masana mdzukulu wa ku Dedza anaimba kuti agogo aone mwambo. Ndinakhala pafupi nawo m'nyumba, nditagwira foni yanga. Tinaona bokosi likutuluka m'nyumba ya udzu, tinaona msewu wofiira, mapiri kumbuyo. Agogo ankatchula zimene akuziona: mtengo uwo unalipo, apo panali chitsime, uyo ayenera kukhala mwana wa uje. Amayi a kumpingo anasiya kuimba kuti amve nyimbo za kumeneko. Anthu atafika kumanda, mlaliki atayamba kuwerenga, chithunzi chinaima. Kenako chinazimiririka. Mayunitsi anga anali atatha.

“Bwezera,” anatero agogo. “Sanamutsitse.”

Ndinafunsa amayi amene anali m'nyumbamo. Onse anali ndi timafoni tating'ono tosaonetsa nkhope. Kogula mayunitsi kunali kumsewu, ndipo kupita ndi kubwera kukanatha nthawi yoika munthu. Ndinatuluka kupita kumtengo wa mango. Amalume sanali pabenchi. Ndinawapeza kuseri kwa chimbudzi ndi anyamata awiri, mitu itagundana pa foni imodzi. Mawu a wolengeza mpira ankamveka motsitsa.

“Amalume, agogo akupempha foni. Akutsitsa bokosi.”

Sanadzutse mutu. “Dikira pang'ono, mwaice. Zatsala mphindi zisanu.”

Ndinaima pamenepo. Ntchentche zinkatuluka m'chimbudzi n'kutera pa malaya awo akuda. Kenako ndinatambasula dzanja limodzi n'kuitsomphola foniyo. Mmodzi wa anyamata aja anatukwana. Amalume ananditsatira mpaka pakhomo, koma poona amayi atadzaza m'nyumba anaima.

Ndinalemba nambala ya ku Dedza. Inalira nthawi yaitali. Mdzukulu uja atayankha, chithunzi chinabwera chogwedezeka: miyendo ya anthu, makasu, ndi mulu wa dothi umene amuna anali akuusalaza kale. Agogo anaiyandikitsa foniyo kumaso kwawo. Anayang'ana mpaka amuna aja anamaliza n'kuyamba kugogoda makasu kuchotsa dothi. Pamwamba pa chithunzicho panatsika kauthenga ka shopu, konena kuti tikiti yagwa ndipo abetchenso kuti alandire mphatso. Agogo sadziwa kuwerenga. Anandifunsa ngati ndi uthenga wochokera kumudzi.

Ndinati ayi.